Kingklip m'firiji za ku Harare: mmene mungaizindikirire musanapereke ndalama

Pa nsomba za m'mitsinje ndi m'madamu sitifunsa munthu. Mwana wa ku Mbare kapena ku Mufakose amene agogo ake anachokera ku Mangochi kapena ku Nkhotakota amadziwa matemba abwino pongowanunkhiza, ndipo bream ya ku Chivero akangoiyang'ana m'maso amadziwiratu ngati yagona. Koma nsomba za m'nyanja yamchere zimatipeza zitauma gwa ndi ayezi, zambiri zopanda mutu, zina zosendedwa kale khungu, ndiye timangokhulupirira zolembedwa papaketi kapena mawu a wogulitsa. Karapau alibe vuto, aliyense amamudziwa. Nkhani ili pa kingklip, nsomba yodula kuposa hake, imene ambiri mwa ife ophika m'mahotela ndi m'nyumba za ku Borrowdale ndi ku Avondale timatumidwa kukagula. Ukabwera ndi nsomba ina m'malo mwake, mlandu umagwera iwe wophika, wogulitsa ali phee kusitolo kwake.

Choyamba, dziwani nsomba imene mwatumidwa

Kingklip ili m'banja la nsomba lotchedwa Ophidiidae, zomwe m'mabuku a Chingerezi amazitcha cusk-eel. Banjali lili ndi mitundu yoposa 200, ndipo yambiri imakhala pansi penipeni pa nyanja. Thupi lake ndi lalitali, lopita lichepa chakumchira, n'chifukwa chake anthu amaiyesa mkunga. Si mkunga ayi, ndipo pofika kumapeto kwa malangizowa muzitha kuonetsa munthu ndi chala pamene zasiyanirana.

Ya kuno kumwera kwa Africa dzina lake la sayansi ndi Genypterus capensis, ndipo anailemba koyamba m'mabuku ndi Andrew Smith mu 1847. Imapezeka kuyambira cha ku Walvis Bay ku Namibia, kuzungulira ku Cape, mpaka ku Algoa Bay ku South Africa, pa kuya kwa mamita 50 mpaka 500 kapena kupitirirapo. Ikakula kwambiri imafika masentimita 180 ndi makilogalamu 15, ngakhale zimene zimafika m'masitolo mwathu zimakhala zocheperapo. Masana imabisala m'mapanga a miyala ndi m'maenje a m'matope, usiku n'kutuluka kukasaka tinkhanu, squid (kanyama kofewa ka m'nyanja ka mikono yambiri) ndi nsomba zinzake, kuphatikizapo ana a hake.

Kuti kuyaku kumveke bwino, taganizani za madzi amene timawadziwa. Dziwe la Kariba pozama penipeni silikwana mamita 100. Nyanja ya Malawi imafika cha m'ma mamita 700, koma mukapitirira mamita 200 kapena 250 m'madzimo mulibe mpweya woti nsomba n'kupuma, choncho pansi pake ponse palibe nsomba. M'nyanja yamchere madzi ozizira amayenda pansi atanyamula mpweya, ndiye pamene nsomba za kwathu zimalekezera m'pamene kingklip yakhazikika bwino.

Chachiwiri, ngati nsomba ili yathunthu, yambirani kumchira

Igonekeni cham'mbali, muyendetse chala pamsana kuchokera kumbuyo kwa mutu. Chipsepse cha pamsana n'chimodzi chokha, chachitali, chofewa, chopanda minga yobaya. Chitsatireni. Sichiduka paliponse: chimazungulira kunsonga ya mchira n'kubwerera kunsi mpaka pafupi ndi potulukira chimbudzi. Mchira wopanda mphanda, wopanda chipsepse chakechake, wongosongoka ngati tsamba la chimanga. Mukaona mchira woima paokha, kaya wamphanda kaya wodulidwa mowongoka, ibwezeni pa ayezi pomwepo. Hake ili ndi zipsepse ziwiri pamsana, chakutsogolo chachifupi, chakumbuyo chachitali, ndipo mchira wake ndi wapadera. Snoek, nsomba inanso yaitali ya m'nyanja yamchere, ndi yasiliva, mchira wamphanda.

Mtundu wa khungu nawo umathandiza. Kingklip ndi yofiirira mopita ku pinki kapena olenji, yokhala ndi mawangamawanga akhofi pamsana ndi m'mbali, kumimba koyera. Mamba ilinawo, koma ndi aang'ono kwambiri, obisika pansi pa zoterera, moti mukangogwira mumayesa ilibe. Kandani pang'ono ndi chikhadabo kuchokera kumchira kupita kumutu, muwamva.

Chachitatu, itembenuzeni muone kukhosi

Apa m'pamene pagona nkhani yonse, ndipo musachite manyazi kupempha. Ngati wogulitsa ndi wakwathu, ingonenani kuti, "Achimwene, tanditembenuzireni nsombayo ndione kukhosi." Akakhala mayi wachikulire, "Amayi, pepani, ndingaione kunsi kwake?" Wogulitsa wodziwa katundu wake sakwiya ndi funso limeneli.

Pansi pa chibwano, cha pamunsi pa maso, muona tizingwe toyera, tofewa, tolendewera. Pansomba youma ndi ayezi timakhala titamatirira pakhungu, ndiye pumirani mpweya wofunda kapena ikanipo chala kwa kanthawi, kenako mutinyamule ndi nsonga ya kiyi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mupeza kuti tachokera pa mizu iwiri yoyandikana, kumanja ndi kumanzere, ndipo muzu uliwonse watulutsa tizingwe tiwiri, kena kakatali kena kakafupi. Ambiri amati ndi ndevu. Si ndevu. Ndi zipsepse za kumimba, zomwe pa chambo kapena bream zimakhala pachifuwa, koma pa nsomba iyi zinasunthira kutsogolo mpaka kukhosi n'kusanduka tizingwe. Mukatsika ndi chala pamimba yonse simupezanso zipsepse zina ziwiri zoyandikana, chifukwa ndi zomwezi.

Ntchito yake ndi yofufuzira. Kumene imakhalako kuli mdima, ndipo imasaka usiku, ndiye imayenda chapansipansi tizingweto tikukhudza matope ndi mchenga, kumva chilichonse chobisala. Ine ndimaona kuti palibe chiwalo china chimene chimafotokoza moyo wa nsombayi kuposa chimenechi, ndipo n'chomvetsa chisoni kuti m'mafakitale chimatayidwa pamodzi ndi mutu nsomba isanafike kwa ife.

Tsopano siyanitsani ndi nsomba zimene zingakusokonezeni. Mlamba uli ndi ndevu zenizeni 8, zomera mozungulira pakamwa ndi pamphuno. Mutu wake ndi waphwatalala, wolimba ngati fupa limodzi, ulibe mamba, uli ndi munga wobaya pa chipsepse cha m'mbali, ndipo zipsepse za kumimba zili pamalo pake pamimba. Mchira wake ndi wozungulira, woima paokha. Mkunga weniweni ulibe zipsepse za kumimba ngakhale pang'ono, kukhosi kuli see, ndipo popumira pake ndi kabowo kakang'ono kutsogolo kwa chipsepse cha m'mbali. Kingklip popumira pake ndi potambalala, chivundikiro chake mutha kuchitukula ndi chala n'kuona zofiira za mkati. Palinso nsomba zina za pansi pa nyanja zotchedwa grenadier zimene zimakodwa m'makoka omwewo: nazo mchira ndi wosongoka, koma zili ndi chipsepse chachifupi choima njo kumbuyo kwa mutu, maso aakulu, ndi mamba okhakhala.

Ndinenepo kuti m'banja lomweli muli mtundu wotchedwa Brotula umene uli ndi ndevu zenizeni pamphuno ndi pachibwano kuwonjezera pa tizingwe ta kukhosi. Choncho mukakumana ndi chithunzi cha cusk-eel yandevu, musati bukulo lanama.

Abale ake a pansi kwambiri

Thupi lotereli, mutu waukulu, mchira wosongoka, tizingwe tofufuzira, ndi limene lafikitsa banjali kumalo kumene nsomba zambiri sizifika. Kingklip ili chakumtunda poyerekeza ndi abale ake. Mu 1970 sitima yofufuza yotchedwa John Elliott Pillsbury inaponya khoka mu Puerto Rico Trench, chigwa chozama cha pansi pa nyanja ya Atlantic, pa kuya kwa mamita 8,370, ndipo inatulutsa kansomba kosakwana masentimita 20, ka maso ang'onoang'ono. Jørgen Nielsen wa ku Denmark anatcha mtunduwu Abyssobrotula galatheae mu 1977. Kwa zaka zambiri kanalembedwa kuti ndiye nsomba yopezeka pozama kuposa zonse, ngakhale akatswiri ena amatsutsa, chifukwa khokalo linali losatseka kukamwa ndipo likanatha kukola kansombako likukwera. Nsomba imene inajambulidwa ndi kamera ili moyo pozama kwambiri ndi ya banja lina, snailfish, pa mamita 8,336 kufupi ndi Japan mu 2022.

M'bale wina ndi Typhlonus nasus, amene analembedwa mu 1878 kuchokera pa nsomba zimene sitima ya Challenger inakola. Ikakula maso ake amabisika pansi pa khungu ndipo kamwa lili kunsi kwa mutu, moti ukaiyang'ana kutsogolo suona nkhope. Mu 2017 ofufuza a pa sitima ya Investigator anaikolanso kum'mawa kwa Australia pa kuya kwa mamita pafupifupi 4,000.

Kumeneko madzi amapanikiza koopsa. Mamita 10 alionse amawonjezera mphamvu yofanana ndi ya mpweya wonse umene umatipanikiza pamtunda m'mphepete mwa nyanja, choncho pa mamita 300 kingklip yasenza kuwirikiza ka 30, ndipo pa mamita 8,000 n'kuwirikiza ka 800. Chimene chimateteza mapuloteni a m'thupi mwa nsomba kuti asapindike ndi mankhwala achilengedwe otchedwa TMAO. Nsomba ikamakhala pozama kwambiri, TMAO imachulukanso m'mnofu wake. Koma pali malire: cha m'ma mamita 8,200 mpaka 8,400 imafunika yochuluka moti thupi lingayambe kukoka madzi a m'nyanja kulowa mkati mosaletseka. N'chifukwa chake ofufuza amati kupitirira pamenepo nsomba singakhale. Dzina la TMAO mulisunge, tikumana nalonso pa nkhani ya fungo.

Chinanso n'chakuti nsomba zambiri za m'banjali zimalira. Zili ndi minofu yolumikizana ndi kathumba ka mpweya ka m'mimba, ndipo zikaigwedeza msangamsanga pamatuluka mawu ogogoda, makamaka amuna nthawi yoswana. Mumdima, kuitanizana n'kwa khutu. Mazira ake amayandama m'madzi, ndipo mitundu ina imawaikira atakutidwa pamodzi m'zoterera.

Chachinayi, ngati mutu palibe

Nthawi zambiri kuno mupeza zidutswa kapena mafileti. Zikatero sankhani okhala ndi khungu, ngakhale mukalisenda kunyumba. Khungu la pinki la mawanga akhofi ndi umboni umene mwatsala nawo. La hake ndi lotuwa mwasiliva. Pa chidutswa chodulidwa mopingasa, yang'anani ngati pali mzere wa chipsepse pamwamba ndi pansi pomwe, ndipo chidutswacho chikhale chonenepa, chozungulirirapo.

Fileti ya kingklip ndi yochindikala kumutu, yopita ichepa pang'onopang'ono mpaka kusongoka. Mnofu ndi woyera, nthawi zina wa kapinki pang'ono, wolimba. Ikasungunuka, dinani ndi chala: imabwerera. Hake ndi yofewa, imaphwanyika msanga mumphika. Basa, imene ndi mtundu wa mlamba woweta m'maiwe a ku Vietnam, fileti yake ndi yopyapyala, yaphwatalala, yochindikala pafupifupi mofanana konsekonse, ndipo imatulutsa madzi ambiri ikasungunuka. Basa si nsomba yoipa, ana amaikonda chifukwa ilibe minga. Choipa n'kuilipira pa mtengo wa kingklip.

Fileti yosendedwa khungu, youma ndi ayezi, yopanda pepala lililonse, palibe munthu angakulumbirireni ndi maso okha kuti ndi nsomba yakuti. Ofufuza amachita kuyeza DNA. Imeneyo ine sindigula pa mtengo wapamwamba, ngakhale wogulitsa akhale wa mpingo wathu.

Chachisanu, werengani paketi mpaka tizilembo tating'ono

Funani zinthu zitatu: dzina la sayansi, dziko lochokera, ndi kulemera kwa nsomba popanda ayezi. Genypterus capensis ndiye ya ku South Africa ndi Namibia. Mukaona Genypterus blacodes, imeneyo ndi m'bale wake wa ku New Zealand, Australia, Chile ndi Argentina, amene ku New Zealand amamutcha ling. Nayo ndi cusk-eel yeniyeni, tizingwe ta kukhosi ilinato, ndipo imafanana kwambiri ndi ya kuno moti kuzisiyanitsa ndi maso n'kovuta. Pophika siikugwetsani ulesi. Kungoti muuzeni amene wakutumani kuti mwapeza ya kunja, adziwe chimene akudya. Mukaona Merluccius, ndi hake. Mukaona Pangasius kapena Pangasianodon, ndi basa. Mayina anayiwa alembeni mufoni, chifukwa pamaso pa wogulitsa mutu umaiwala.

Za kulemera, nsomba ya m'firiji amaikuta ndi ayezi wopyapyala kuti isawambidwe ndi mphepo ya m'firijimo. Zimenezo n'zoyenera. Koma ayeziyo akachindikala mpaka mnofu osaoneka, ndiye kuti mukugula madzi pa mtengo wa nsomba.

Chachisanu ndi chimodzi, onani ngati inasungunukapo panjira

Harare ili kutali ndi nyanja, ndipo magetsi athu mukuwadziwa. Nsomba youma ndi ayezi iyenera kukhala pa madigiri 18 pansi pa ziro kuchokera kufakitale mpaka m'manja mwanu. Nyamulani paketi muiyang'anitse kowala. Mukaona madzi ofiirira amene anaundana pakona imodzi, kapena chipale cha ayezi wonga mchenga chodzaza mkati, kapena mafileti atamatirana kukhala chibuma chimodzi chopindika, dziwani kuti inasungunuka n'kuumanso. Madontho oyera ouma m'mphepete mwa mnofu akusonyeza kuti yakhalitsa ndipo mphepo yaiwamba. Pamenepo pakaphikidwa pamakhala ngati thonje mkamwa.

Ndiye fungo. TMAO ija ilibe fungo nsomba ikadali yatsopano. Ikafa, tizilombo tosaoneka timayamba kuisandutsa mankhwala ena otchedwa TMA, ndipo amenewo ndiwo fungo lamphamvu la nsomba za m'nyanja yamchere zikayamba kuwonongeka. Nsomba za m'madamu mwathu zili ndi TMAO yochepa, n'chifukwa chake bream yoola imanunkha mosiyana, ndipo mphuno yozolowera bream imatha kunyengeka n'kumati nsomba zam'nyanja zimanunkha choncho basi. Sizitero. Kingklip yabwino ikasungunuka imangomveka kafungo ka madzi amchere, kopepuka. Ikalasa m'mphuno, musaipereke patebulo.

Chachisanu ndi chiwiri, funsani kumene yachokera ndipo musagule tiana

Izi ena aziona ngati za anthu a m'mphepete mwa nyanja, koma ife a ku Malawi tinaona chambo chikuchepa m'nyanja ya Malombe makoka atachuluka, ndiye sitingati sitikudziwa. Kingklip imakula pang'onopang'ono, imatenga zaka zingapo isanayambe kuswana, ndipo itha kukhala zaka zoposa 20. Nthawi yoswana zimasonkhana malo amodzi, zomwe zimapangitsa kuti zigwidwe zambiri nthawi imodzi. Ku South Africa usodzi wa zingwe zazitali za mbedza zambirimbiri wolunjika pa kingklip unayamba mu 1983, nsomba zinachepa mofulumira, ndipo boma linauletsa mu 1990. Kuchokera pamenepo imagwidwa ngati yokodwa nawo pa usodzi wa hake, pali malire a kuchuluka kwake, ndipo dera lina loswanirana kufupi ndi Gqeberha, mzinda umene kale unkatchedwa Port Elizabeth, limatsekedwa pa nyengo yake.

Bungwe loteteza zachilengedwe la WWF ku South Africa lili ndi ndondomeko yotchedwa SASSI imene imaika nsomba m'magulu atatu, obiriwira, olenji ndi ofiira, malinga ndi mmene zatsalira m'nyanja ndi njira imene zagwidwira. Gulu la nsomba limasintha zaka zikamapita, choncho yang'anani pa intaneti musanagule zambiri za ukwati kapena za hotela. Ndipo pakakhala kusankha, siyani tating'ono towonda. Timeneto sitinaswepo n'kamodzi komwe, komanso mnofu wake ndi wochepa.

Mukafika nayo kunyumba

Isungunulireni m'firiji usiku wonse, m'mbale yovundikira, pa shelefu ya pansi kuti madzi ake asadonthere zakudya zina. Mukafulumira, iikeni m'pulasitiki yomanga bwino n'kuimiza m'madzi ozizira, osati otentha, osatinso padzuwa. Ikasungunuka iphikeni tsiku lomwelo, musaibwezerenso kukauma.

Ngati mwapeza yathunthu, tsukani zoterera ndi mchere ndi madzi ozizira, ndipo samalani zala m'kamwa mwake, muli mano ang'onoang'ono akuthwa mpaka kumwamba kwa kamwa. Musanadule mutu, jambulani zithunzi zitatu: thupi lonse cham'mbali pali rula kapena supuni pambali pake, kukhosi tizingwe titatambasulidwa, ndi nsonga ya mchira. Zithunzi zimenezi mudzayerekezera nazo ulendo wina, komanso mukhoza kuphunzitsira mnzanu watsopano kukhitchini. Mutu ndi fupa la pamsana musataye, zimatulutsa msuzi wokoma mukaziwiritsa pamoto wochepa kwa mphindi 20 kapena 30 ndi anyezi. Mnofu wake, poti ndi wolimba, umapirira mumphika wa tomato osaphwanyika, ndipo umayenda bwino ndi nsima. Uikeni msuzi utapsa kale, ndipo muuchotse pamoto ukangoyera mpaka pakati n'kuyamba kugawanika m'zidutswa zazikulu mukaubaya ndi foloko.